Ana atatu akufuna fizi ya kukoleji nthawi imodzi: ndiyambire pati kuno ku Joni?

Funso: Ndimakhala ku Turffontein. Ndimayendetsa galimoto pakampani ina, ndipo mayi akunyumba amagwira ntchito pamalo osamalira okalamba. Tikaphatikiza timalandira pafupifupi R24 000 pamwezi msonkho usanachotsedwe. Tonse awiri tili ndi mapemiti ogwirira ntchito, osati permanent residence (chilolezo chokhazikika m'dziko muno). Mwana wathu woyamba anabadwira kumudzi ku Dedza, ali chaka chachiwiri pa yunivesite ya boma kuno, ndipo fizi ya chaka chino sitinamalize. Wachiwiri anabadwira konkuno, wakwanitsa zaka 18, akulemba matric, mayeso omaliza a kusekondale. Wachitatu ndi mwana wa malemu achimwene anga, wasankhidwa kupita ku yunivesite kwathu ku Malawi ndipo maso ake ali pa ine. Anzanga akuti NSFAS, thumba la boma la South Africa lothandiza ophunzira osowa, imathandiza banja lomwe lili ndi ana ambiri pasukulu. Ndi zoona? Ngati si zoona, ndichite bwanji?

Yankho: Bambo, anzanuwo anamva mbali imodzi yokha. NSFAS siwerenga kuti pakhomo pali ana angati ofuna fizi. Imaona ndalama zomwe banja lonse limapeza pachaka msonkho usanachotsedwe, ndipo malire ake akhala ali R350 000, kapena R600 000 ngati wophunzirayo ali ndi ulumali. Kaya mwana ndi mmodzi, kaya ndi asanu, malirewo sasuntha, ndipo mwana aliyense amafunsira payekha. Inu mukapanga R24 000 kuchulukitsa ndi miyezi 12 mukupeza R288 000, choncho kumbali ya ndalama muli m'kati, bola bonasi ndi ovataimu zisakukankhireni pamwamba. Chotchinga chanu ndi china: NSFAS imathandiza nzika za South Africa ndi anthu a permanent residence okha. Ndiye musanayambe kusaka ndalama, alekanitseni ana atatuwa potengera mapepala omwe aliyense ali nawo, chifukwa aliyense ali ndi khomo lake lolowera, ndipo mukawamanga mtolo umodzi mudzataya nthawi pakhomo lomwe silingatseguke.

Ndiyambe ndi wachiwiriyo, chifukwa ndi iye amene angasinthe kwambiri chuma cha banja lanu.

Kubadwira kuno pakokha sikupatsa munthu unzika. Koma lamulo la unzika la dziko lino, pa gawo 4(3), limati mwana wobadwira ku South Africa, makolo ake asali nzika kapena a permanent residence, akhoza kupempha unzika akakwanitsa zaka 18, ngati wakhala kuno kuyambira tsiku lobadwa ndiponso kubadwa kwake kunalembetsedwa ku Home Affairs. Gawoli linayamba kugwira ntchito mu 2013, ndipo mu 2018 khoti la Supreme Court of Appeal linagamula kuti likukhudzanso ana obadwa chakacho chisanafike. Mwana wanu, malinga ndi momwe mwafotokozera, akuoneka kuti akulowa m'gululi. Makolo ambiri a kwathu salidziwa lamuloli, ndipo ana awo amalipira ngati alendo pomwe akanatha kuphunzira ndi thandizo la boma.

Chomwe chimavuta ndi umboni woti mwanayo sanachokepo kukakhala kwina. Sonkhanitsani satifiketi yakubadwa yomwe munalandira ku Home Affairs, khadi la kusikelo la kuno, malipoti a sukulu kuyambira Grade R kapena Grade 1 mpaka matric, ndi kalata yochokera kusukulu iliyonse yomwe anaphunzirako yonena zaka zomwe anali kumeneko. Onjezani makope a mapasipoti ndi mapemiti anu makolo. Ngati panali chaka chomwe munamutumiza kwa agogo ake kuti akaphunzire kumudzi, nenani zimenezo kwa loya musanapereke chilichonse, chifukwa mpata umenewo ndi umene ungagwetse pempho lonse. Simukuyenera kulipira munthu wa pamsewu woti akuthamangitsireni mapepala. Lawyers for Human Rights ali ndi ofesi ku Braamfontein ndipo nkhani za unzika wa ana amazidziwa bwino. Wits Law Clinic, ofesi ya maloya ya pa yunivesite ya Wits, nayonso imathandiza anthu osapeza bwino. Za kutaya unzika wa kwathu musade nazo nkhawa kwambiri, poti Malawi anasintha lamulo lake n'kulola unzika wa mayiko awiri, koma pitani ku Consulate ya Malawi kuno ku Johannesburg mukafunse ndondomeko yolembetsera.

Tsono ndikuchenjezeni mosabisa: pempho la unzika limatenga nthawi yaitali, ndipo n'zokayikitsa kuti ID ingatuluke nthawi yofunsira NSFAS ya chaka chamawa isanatsekedwe. Popanda nambala ya ID mwana sangalembetse pa myNSFAS, tsamba la pa intaneti lofunsirapo thandizoli. Choncho ndalama ya NSFAS musaiwerengere pa chaka chake choyamba. Ubwino wake ndi woti NSFAS si ya oyamba kumene okha. Wophunzira amene ali kale pa yunivesite ya boma kapena pa koleji ya TVET (ya maphunziro a ntchito zamanja) akhoza kufunsira chaka chotsatira, ngati akukhoza bwino. Kuyambira 2018 thandizoli limaperekedwa ngati bursary osati ngongole, ndipo limalipira fizi, mabuku, ndi kangachepe ka mayendedwe kapena malo ogona. ID ikatuluka, adzafunika makope a zitupa zanu, mapepala a malipiro, ndi fomu yomwe makolo nonse mumasaina kulola NSFAS kufufuza zomwe mumapeza. Fomu imeneyi ikasowa siginecha ya kholo limodzi, pempho limaima. Kufunsira ndi kwaulere, ndipo akakanidwa pali masiku 30 ochita apilo. Mudziwenso kuti NSFAS imalipira zaka za kosiyo n'kuonjezerapo chaka chimodzi chokha, ndiye kusinthasintha makosi kumadya zaka zimenezi.

Podikira unzikawo, mwanayu akufunika study visa ya dzina la yunivesite kapena koleji yomwe walandiridwa. Viza yomwe anali nayo kusekondale siyenda naye kupita kukoleji. Zofunsira zimadutsa ku VFS, kampani yolandira mafomu a maviza m'malo mwa Home Affairs, ndipo ngati ndi kukonzanso viza, perekani patatsala masiku osachepera 60 kuti ithe.

Tibwere kwa woyambayo. Iye NSFAS singamuthandize malinga ngati ali pa study visa, ndipo chimodzimodzinso mabursary ambiri odziwika monga Funza Lushaka ya aphunzitsi ndi ISFAP, omwe amafuna nzika. Chomwe ali nacho ndi pangano la mayiko a SADC lokhudza maphunziro, lomwe linasainidwa ku Blantyre mu 1997. Chifukwa cha panganoli, mwana wa ku Malawi pa yunivesite ya boma kuno amalipira fizi yofanana ndi ya mwana wa konkuno, n'kuonjezerapo ndalama ina ya pachaka yomwe amalipiritsa ophunzira akunja. Tengani sitetimenti yake muione bwinobwino ngati analembedwa kuti ndi wa SADC. Akaikidwa molakwika m'gulu la ochokera kutali, biluyo imakwera, ndipo kukonza kwake n'kungopita ndi pasipoti ku International Office.

Chimene chimathyola msana makolo a ana akunja si kukula kwa fizi kokha, koma nthawi yolipira. Mwana wa kuno amalembetsa ndi kachigawo kochepa, zotsalazo n'kumalipira m'kati mwa chaka. Mwana wakunja amauzidwa kulipira gawo lalikulu asanalembetse n'komwe. Ku Wits kwa zaka zambiri gawoli lakhala 75 peresenti ya fizi ya chaka chonse. Tiyerekeze kuti fizi ya mwana mmodzi ndi R60 000. Ndiye kuti mu Januwale akufunika R45 000, ndipo ana awiri pa yunivesite yotere ndi R90 000, m'mwezi womwe thumba limakhala litaphwa kale ndi Khirisimasi, mayunifolomu ndi ulendo wa kumudzi. Pamwamba pake, study visa imafuna medical aid yolembetsedwa ndi Council for Medical Schemes, ndipo mayunivesite amafuna umboni woti yalipiridwa chaka chonse. Apa pali mpata wopulumutsa ndalama: ngati inu kapena mayi muli pa medical aid ya kuntchito, funsani ngati ana angalowe ngati odalira inu, kenaka mutenge satifiketi ya umembala yokhala ndi mayina awo. Fananitsani mtengo wake ndi wa mapulani a ophunzira musanasankhe.

Za ngongole ya chaka chino, musadikire Januwale. Yunivesite imatseka kulembetsa kwa wophunzira amene ali ndi ngongole yakale, ndipo imatha kusunga zotsatira ndi satifiketi. Kwa mwana wakunja vutoli limabala lina: akalephera kulembetsa, maziko a viza yake amagwa. Pitani naye limodzi ku Fees Office tsopano, mukapemphe sitetimenti yonse ndi pangano lolipira pang'onopang'ono, lomwe amalitcha Acknowledgement of Debt kapena AOD. Funsani zinthu zitatu: ndalama yochepetsetsa yomwe ingatsegule kulembetsa, tsiku lomwe chiwongoladzanja chimayamba kuwerengedwa, ndiponso ngati ophunzira akunja amaloledwa kusaina AOD pa yunivesiteyo, chifukwa malamulo amasiyana. Musalonjeze ndalama yomwe simungathe pamwezi. Kulonjeza R1 500 n'kumapereka mosaphonya kuli bwino kuposa kulonjeza R4 000 n'kugwa pamwezi wachitatu, chifukwa pangano likasweka amafuna ngongole yonse nthawi imodzi. Mwanayo afunsenso ku SRC, bungwe loimira ophunzira, ndi ku Financial Aid za thumba lothandiza ovutika. Si nthawi zonse lomwe limalandira akunja, koma kufunsa sikulipiritsa.

Ndionjezerepo kanthu komwe makolo ambiri amadabwa nako. Yunivesite sidzakuuzani za akaunti kapena zotsatira za mwana wanu popanda chilolezo chake, ngakhale wolipira ndinu, chifukwa cha lamulo la POPIA loteteza chinsinsi cha munthu. Gwirizanani ndi ana kuti semesita iliyonse azikuonetsani sitetimenti ndi zotsatira pa kompyuta, osati kungokuuzani pakamwa. Si kuwakayikira ayi. Phunziro lililonse lomwe mwana walephera mumalilipiranso, ndipo ngati ndi lomwe limatsegulira ena, chaka chonse chimaonjezeka. Mwana akaona kuti phunziro lina lamukulira, pali tsiku lomaliza losiyira kuti abwezeredwe gawo la ndalama. Likadutsa, mumalipira zonse ngakhale asalowe m'kalasi.

Mwana woyambayu akhozanso kudzithandiza. Study visa imamulola kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata. Ntchito za pasukulupo, monga kuthandiza mu laibulale kapena kuphunzitsa a chaka choyamba, n'zabwino kuposa za m'malesitilanti chifukwa zimalemekeza nthawi ya mayeso. Akamakhoza bwino afunse ku dipatimenti yake za mphoto za okhoza. Akadzafika pa Honours kapena Masters makomo amachuluka: Canon Collins Trust ndi Mandela Rhodes Foundation amalandira Amalawi. Kwa wachiwiriyo, ngati magiredi ake ndi apamwamba, aone za Mastercard Foundation Scholars Program ku University of Pretoria, yomwe imatenga achinyamata a mayiko a mu Africa.

Mwana wa malemu achimwene anu ndiye wosavuta pa atatuwa, ndipo asaganize zobwera kudzaphunzira kuno. Kwathu kuli Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 2015 kuti lizipereka ngongole kwa ophunzira osowa m'mayunivesite ovomerezeka a m'Malawi. Iye ngati wamasiye ali ndi mfundo yamphamvu, koma ikhale ndi umboni: chitupa chake cha unzika, kalata yosankhidwa, ndi satifiketi ya imfa ya bambo ake, yomwe imachokera ku National Registration Bureau kudzera kwa DC. Ngati imfayo sinalembetsedwe, ayambe lero, asadikire kuti bungweli lilengeze nthawi yofunsira. Si onse ofunsira amene amapatsidwa, ndipo ndalama zimatha kuchedwa, choncho sungani ya semesita yoyamba. Mu marandi fizi ya yunivesite ya boma kwathu ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya kuno. Mukatumiza pa Mukuru kapena njira ina yovomerezeka, ya fizi ilowe mu akaunti ya yunivesite ndi nambala ya wophunzirayo, ndipo risiti ikufikeni pa WhatsApp. Ndalama ya fizi ikayamba yagona pakhomo, imapeza maliro kapena feteleza akuidikira. Khalaninso pansi ndi abale ena, kuphatikizapo akuchikazi, mugawane: wina sopo ndi chakudya, wina thiransipoti, inu fizi.

Tsopano funso lenileni: ndalama zikachepa, ayambe ndani? Mtima wa kholo umafuna kugawa mofanana, koma pa fizi kugawa mofanana kumatha kusiya ana onse atatsekeredwa panja, aliyense atapereweredwa pang'ono. Maganizo anga ndi oti woyambayo atsogole. Mwaika kale zaka ziwiri mwa iye, viza yake ikudalira kulembetsa, ndipo ndi amene ali pafupi kuyamba ntchito n'kukuthandizani ndi azing'ono ake. Wachitatu abwere pambuyo pake chifukwa ndalama yake ndi yochepa ndipo malo a ku yunivesite ya boma kwathu ndi ovuta kuwapezanso. Wachiwiri ndi amene ali ndi mpata wosintha njira, ndipo zimenezi mumuuze momveka kuti asaone ngati mwamutaya.

Njira zake ndi izi. Ngati magiredi ndi abwino ndipo ndalama ya Januwale ingapezeke, alowe yunivesite ya konkuno ndipo azigona pakhomo. Kuchokera ku Turffontein kupita ku Braamfontein, Doornfontein kapena Auckland Park ndi ulendo wa tsiku ndi tsiku, ndipo malo ogona a ophunzira pachaka amatha kudya ndalama yoyandikira fizi yeniyeniyo. Ngati ndalama sikwana, koleji ya TVET ya boma monga Central Johannesburg TVET College kapena South West Gauteng TVET College ndi yotchipa kwambiri, ndipo NSFAS imalipiranso kumeneko ID ikadzatuluka. Unisa, yunivesite yophunzitsa patali, imalola kulipira phunziro limodzilimodzi, koma samalani: maphunziro a patali si maziko opezera study visa, choncho njira imeneyi ndi ya mwana amene nkhani yokhalira m'dziko muno yakonzedwa kale. Kudikira chaka chimodzi kuti unzika utuluke si tchimo, koma kokha ngati loya watsimikiza kuti mwanayo akhala ndi chilolezo chokhala kuno m'chakacho.

Chomwe ndikukanizani ndi makoleji a m'nyumba zosanja za m'tauni omwe amagawa timapepala mu Januwale n'kumalonjeza dipuloma yotchipa. Ena ndi olembetsedwa, ena ayi. Koleji yoima payokha iyenera kupezeka m'kaundula wa Department of Higher Education and Training, ndipo kosi yeniyeni yomwe mwana akufuna iyenera kukhala yovomerezeka ndi yolembetsedwa ku SAQA, bungwe losunga kaundula wa maphunziro ovomerezeka. Koleji ikhoza kukhala yolembetsedwa koma kosi ina ayi. Dziwaninso kuti NSFAS silipira makoleji oima paokha.

Nanga ndalama ya Januwaleyo ichokera kuti? Yambani ndi komwe kulibe chiwongoladzanja. Ngati ana awiri adzakhale pa yunivesite imodzi, funsani ku Fees Office za kuchotsera kwa ana a banja limodzi. Mayunivesite ena, monga University of Pretoria, akhala ndi dongosolo lotere, koma sachotsa okha: mumalemba fomu chaka chilichonse ndi kupereka masatifiketi akubadwa osonyeza kuti makolo ndi amodzi, ndipo mufunse ngati ophunzira a SADC akuloledwa. Kenaka pitani ku HR, ofesi yoona za antchito, kuntchito kwanu ndi kwa mayi. Lamulo la msonkho limalola bwana kupereka bursary kwa mwana wa wantchito popanda msonkho. Mu 2017 malire anaikidwa pa R60 000 pachaka kwa mwana aliyense wa kukoleji, kwa wantchito wolandira zosapitirira R600 000, ndipo a HR akuuzani ziwerengero za chaka chino. Makampani ambiri ali ndi thumba limeneli koma madalaivala ndi antchito ena apansi samauzidwa. Pitani ndi kalata yolembedwa, zotsatira za mwana ndi sitetimenti ya fizi.

Ngati mumadulidwa ndalama ya penshoni kapena provident fund, kuyambira pa 1 Sepitembala 2024 mukhoza kutapa ku gawo la ndalamayo lomwe limaloledwa kutapidwa musanapume ntchito, kamodzi pa chaka cha msonkho, kuyambira R2 000 kupita m'mwamba. SARS, bungwe lotolera msonkho, imadulapo msonkho, ndipo ngati muli nayo ngongole imadzibweza pomwepo, ndiye yomwe imafika m'manja ndi yocheperapo. Ndi ndalama ya ukalamba wanu, choncho itapeni kuti mutseke ngongole yomwe ikutchinga kulembetsa, osati chaka ndi chaka. Chipereganyu kapena stokvel nachonso chimathandiza ngati mwapempha anzanu kuti tsiku lanu lolandira ligwe mu Disembala kapena Januwale, ndipo mukalandira muikiretu mu akaunti ya yunivesite sabata yomweyo. Kuika R3 000 pamwezi kuyambira Febuluwale mpaka Disembala kumakupatsani R33 000, zomwe zingasinthe Januwale wa chaka chinacho.

Mabanki monga Standard Bank, FNB, Absa ndi Nedbank, komanso kampani ya Fundi, amapereka ngongole za maphunziro. Nthawi zambiri kholo limasaina ngati wodzabweza, limalipira chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi mwana akuphunzira, ndipo ngongole yeniyeniyo imayamba kubwezedwa akamaliza. Kwa munthu wa pemiti zimavuta, chifukwa ambiri amafuna ID ya kuno kapena safuna kuti ngongole ipitirire tsiku lothera pemiti. Lamulo limawakakamizanso kuona ngati mungakwanitse, ndiye ngongole ya mwana woyamba imachepetsa mwayi wa wachiwiri. Ngati banki ingakupatseni imodzi yokha, ikhale ya woyambayo. Koma katapila wa amashonisa ayi, Bambo, ngakhale tsiku lotseka kulembetsa litafika. Chiwongoladzanja chawo chimawerengedwa pamwezi, ndipo ngongole ya fizi siibweza phindu mpaka patapita zaka. Ena amalanda pasipoti kapena khadi la kubanki ngati chikole, zomwe ndi zoletsedwa ndi lamulo, ndipo kwa inu pasipoti imeneyo ndi imene ili ndi pemiti yanu ya ntchito.

Sabata ino chitani ziwiri: pitani ndi woyambayo ku Fees Office mukatenge chiwerengero chenicheni cha ngongole ndi zofunika pa AOD, ndipo wachiwiriyo apite kusukulu zake zonse zakale kukatenga makalata aja masukulu asanatseke mu Disembala, chifukwa akatseka mudzadikira mpaka pakati pa Januwale. Onetsetsaninso kuti wafunsira kale malo, poti mayunivesite ambiri amatseka kulandira mafomu pakati pa Juni ndi Okutobala, ndipo kwa ophunzira akunja tsikulo limatha kufulumira.